Repu wa ku Msonkhano

Fungo linawapeza a Binwell asanatsegule n'komwe khola. Akalulu atatu anali atagona chagada, mimba zitafufuma, ntchentche zobiriwira zitaunjikana pakamwa. Pansi panali masamba a repu akuda bii, oterera, akutuluka madzi.

Wamoyo anatsala mmodzi, wamkazi woyera uja malemu akazi awo, a Stelia, ankamutcha Tadala. Anali atadzipanikiza pakona, akupuma mwabefu.

A Herbert, achimwene a malemuwo, anatulukira atavala malaya a chipani chatsopano.

"Alamu, musandiyang'ane choncho. Masambawo ndinawatola pamsika wa Lisungwi tikuchokera ku msonkhano. Jumbo yodzaza, yaulere!"

"Liti?"

"Dzana. Yangokhalako padzuwa pang'ono basi."

A Stelia ankathyola chisoso mame atauma, n'kuchiyanika pamthunzi kuti chifote, kenaka kalulu aliyense kadzanja kamodzi. Zaka zisanu ndi chimodzi sanafepo ndi mmodzi yemwe.

A Herbert anagunda wakufa mmodzi ndi chala chakuphazi.

"Koma ndi onona, eti? Nanga tiwataye? Ndiwo izi, alamu."

 A Binwell anawerama, nawola masamba owolawo ndi manja, kuwabwezera m'jumbo muja. Anaikankhira pachifuwa pa a Herbert, madzi akuda n'kuyenderera pa malaya atsopanowo.

"Ndiwo zanu ndi izi."

Ananyamula Tadala, kumufungatira m'jekete. Dzanja linalo linatenga khasu loti akakwirire akufa aja.