Ndowa Zitatu za Priska

Priska anakhuthula ndowa yachitatu pamulu wa manyowa, n'kucheuka uku ndi uku ngati wakuba nkhuku. Nthunzi inafuka tolotolo. Iye anamwetulira. Kumeneko ndiye kuthawa kwa kutentha, anatero mumtima.

Muluwo unali wa bambo ake, a Lorenso a kwa Katunga, omwe ankaunjika zinyalala za nzimbe ndi ndowe kuseri kwa khola kuti adzathire kudimba. Panalibe wouyang'ana kawiri, mpaka tsiku limene anatsika pa kabaza Augustino, mnyamata wa ku yunivesite, atanyamula bokosi lolemera ndi mabotolo komanso chitsulo chachitali chopimira kutentha. Ankafuna tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timasangalala pamalo otentha poti munthu sangapisepo dzanja.

"Okonda kutentha ndife a kuno ku Chikwawa," anatero Priska tsiku limenelo. "Dzuwa lonseli tikupsa nalo, inu n'kumakafuna a m'ndowe?"

Augustino anaseka, kenako anafotokoza. M'tizilombomo, akuti, muli timalumo todula DNA, ulusi uja mwalembedwa chibadwa cha chamoyo chilichonse. Mdani akalowa m'kachilomboko, lumo limaduladula ulusi wa mdaniyo. Koma lumolo n'lakhungu. Limayenda ndi kalozera, kachidutswa kakang'ono kolisonyeza podula, ndipo popanda kameneko silidziwa kolowera. Malumo a tizilombo ta m'malo otentha safooka ndi kutentha, choncho mwina tsiku lina angadzathandize popima matenda.

Priska anamvapo zochepa. Maso ake anali pa kampata ka m'mano a mnyamatayo. Funso anafunsa limodzi lokha.

"Mukatipeza tizilomboto, ndiye?"

"Ndiye basi, ulendo wa ku Blantyre. Pano mulu ndi wouma, wozizira. Ukangotentha, masiku awiri ndathana nazo."

Masiku awiri! Mtsikana amene walemba kumene mayeso a Fomu 4, zotsatira zisanatuluke, amakhala ndi nthawi yambiri yoganiza. Moto umazima ndi madzi, ngakhale mwana amadziwa. Kuyambira m'mawa wotsatira, ndowa zitatu zoyamba za kumjigo zinkathera pamulu paja. Kukhudza ayi, sankaukhudza. Dzanja logwira cholembera silipisa m'ndowe.

Nzeru inagwira ntchito. Milungu isanu inatha Augustino akubwera masana aliwonse. Ankabaya chitsulo, kuwerenga atatembenukira kukhola, kupukusa mutu. "Zikadali. Ndibweranso mawa." Ankafika m'malaya osita bwino pokafukula manyowa, uchitsiru wa anthu a m'tauni. Bokosi lija masiku ano ankalipachika pa chala chimodzi. Akatha ankakhala pansi pa msau, kudya masau mpaka mano kuyayamira, iye akusimba za malumo ake. Mawu amene Priska ankawadikira, ngakhale theka, osatuluka.

"Munthu uyu mtima wake uli m'ndowe," ankadandaula yekha potsuka ndowa. Komabe mawa lake ankathiranso.

M'mawa umenewu, atangobisa ndowa yachitatu, anapeza bambo ake akukhomera khasu pakhonde.

"Mwana wa eni ake uja akundimvetsa chisoni," anatero a Lorenso osadzutsa mutu. "Milungu isanu, palibe chogwirika. Mwana wa a Fanizo uja anamubweza ku koleji chifukwa chosamaliza ntchito yonga yomweyi. Pano akudula nzimbe."

Priska anaona m'maganizo Augustino, kampata kake ndi malaya ake osita, atada ndi phulusa m'munda wa nzimbe, chikwanje kumanja, zonsezo chifukwa cha ndowa zake.

Masana kabaza anaima pamalo pake. Augustino anabaya chitsulo, anawerenga, anayamba kupukusa mutu.

"Musavutike n'kupukusa, achimwene," anatero Priska. "Mfiti yanu ndine."

"Mfiti?"

"Ndakhala ndikuthira madzi pamulupo. Ndowa zitatu, tsiku ndi tsiku, chibwerereni inu. Tizilombo tanu ndatipha ndine. Kauzeni aphunzitsi anu, asakuchotseni sukulu."

Augustino anamuyang'ana.

"Chifukwa chiyani?"

Priska anakumba dothi ndi chala cha kuphazi. Akanatha kunena kuti ankapha ntchentche. Akanatha kunamizira mbuzi. Koma milungu isanu yodikira inali itamukwana.

"Kuti musapite," anatero, moti nayenso anadzimva movutikira. "Ndanena. Tsopano pitani."

Mnyamatayo anazula chitsulo chija pang'onopang'ono, n'kumulozetsa nsonga yake.

"Tagwirani apa."

Priska anagwira, n'kukuwa, chala chili m'kamwa.

"Mulu wouma sutentha, Priska. Tizilombo timafuna madzi kuti tidzuke. Ta m'muluwu takhuta kwambiri, ndowa zanu ndi zimene zinauyatsa."

Anatsegula bokosi lija. Munalibe botolo ngakhale limodzi; munali chipeso ndi kagalasi.

"Tizilomboto ndinatitumiza ku Blantyre mlungu woyamba womwe uja," anatero, kampata kali poyera. "Milungu inayi yotsalayi, lumo lakhunguli limangodikira kalozera."