Mkamwini Amene Ananenepetsa Mkazi Wake Poopa Pakamwa pa Anthu

Panali munthu wina dzina lake Hudson, mkamwini pamudzi wina kufupi ndi Nkando. Amene anandiuza nkhaniyi akuti anaiona ndi maso, ndipo ine ikundiwawabe mpaka lero.

Mkazi wake Marcia anali telala pakhonde la sitolo ina pamsika. Tsiku lonse amakhala pa makina, tiyi wa shuga wambiri ali pambali, masana chipisi chonona mafuta. Thupi linabwera, ndipo anthu amati, "Hudson amadziwa kusamala mkazi."

Koma Marcia mutu unayamba kumuwawa, miyendo kutupa, akakwera kachitunda befu osatha. Atapita kuchipatala ku Boma, adokotala anawauza onse awiri mosabisa: "BP yakwera kwambiri, shuga nayenso wayamba. Mayi, thupili lichepe. Mchere pang'ono, mafuta pang'ono, masamba ambiri, ndipo muzituluka thukuta. Bambo, muwathandize, apo ayi tsiku lina adzagwa."

Anamupatsanso Marcia mankhwala oti azimwa tsiku ndi tsiku. Hudson anamva. Panyumba panalowa mgaiwa, nandolo, chisoso ndi nkhwani. M'mawa awiriwa amayenda mumsewu wodutsa m'minda ya tiyi. Madzulo kuseri kwa nyumba Marcia amadumpha chingwe ndi kunyamula zigubu za madzi, mwana wawo Kondie akuseka mpaka kugwa pansi. Patapita miyezi, Marcia anapepuka. Mutu unasiya, ndipo madiresi ake amabweza yekha uku akuimba.

Ndiye pamudzipo panagwa maliro. Inu mukuwadziwa anthu a pamaliro, kulira amapumira koma miseche ayi.

"Mwamuona Marcia? Akutha ngati sopo."

"Kaya ndi matenda aja."

"Ayi, ine ndamva kuti mwamunayo amamumana ndiwo. Masamba okhaokha, ngati akuweta mbuzi."

Mawuwa anafika kwa a Isake, amalume ake a Marcia, ndipo anaitanitsa Hudson pamaso pa abale onse.

"Akamwini, mwana wathu munamupeza ali ndi thupi lake. Lero mphepo ingamutenge. Pano munabwera kudzakwatira kapena kudzapha? Ngati zakukanikani, njira munadzera ija sinamere udzu."

"Amalume, ndi achipatala anatiuza kuti..."

"Achipatalawo ndi amene anakupatsani mkazi?"

Hudson anangoti zyoli, manyazi atamugwira. Amadziwa kuti mkamwini akathamangitsidwa amachoka ndi bulangete lokha, ana n'kutsala. Koma abale, manyazi ndi moyo wa munthu, chachikulu n'chiti? Iye anasankha kutseka pakamwa pa anthu.

Anayamba kubwera ndi nyama yonona ndi zakumwa zotsekemera tsiku ndi tsiku. Zoyenda m'mawa anathetsa. Choipitsitsa, pa siteji ya minibasi anakumana ndi bambo wina wosamudziwa, wogulitsa mapilisi a m'chikwama opanda ngakhale dzina. "Awa, bwana, akamwa madamu abwerera mwakale. Koma mankhwala a kuchipatala asiye, ndi amene amayamwa thupi." Hudson anagula, osafunsa n'komwe kuti bamboyo anaphunzira kuti.

Marcia anakana. "Abambo a Kondie, mwaiwala zimene ananena adokotala? Ine ndili bwinobwino. Thupili ndi langa, ndikulimva ndine."

"Adokotalawo sakhala pamudzi pano. Ine ndatopa kulozedwa chala. Mukufuna abale anu andipirikitse? Idyani, amake Kondie, ndapota nanu."

Marcia analira, koma poopa kuti banja lingathe, anadya, mapilisiwo n'kumwa, mankhwala a kuchipatala n'kusiya. Thupi linabwerera mothamanga, nkhope inatupa, masaya lendelende. Mutu unayambiranso, koma akadandaula Hudson amati ndi dzuwa chabe. A Isake atamuona anaomba m'manja. "Eyaa! Uyu ndiye mkamwini!" Hudson anayenda pamudzipo chifuwa chili patsogolo.

Tsiku lina m'mawa Marcia ali pa makina, sizasi inamupulumuka. Anafuna kuitola, dzanja linakana. Pakamwa panapotoka, anagwera pansi khu! Anamuthamangitsira ku Boma. Adokotala ataona mapilisi aja anakalipa: "Bambo, munali pano, munamva nokha. Mwawachita chiyani akazi anu?"

Inali sitiroko. Marcia anapulumuka, koma dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, lilime n'kulemera. Mayi wa zaka zochepa, amene amaveka mudzi wonse, lero sangathe kumanga yekha chitenje. A Isake kuchipatalako sanapondeko, ati mayendedwe avuta.

Marcia atatuluka m'chipatala, amayi a miseche aja anabwera kudzazonda, atanyamula mbale ya mandasi. Opanda ndi manyazi omwe!

"Kalanga ine, munthu wa thupi labwino chonchi angagwe bwanji? Apa pali dzanja la munthu. Akamwini, muziwadyetsa bwino, asaonde."

Hudson anawathamangitsa, mandasi n'kumwazikira pabwalo. Koma ukaliwo unabwera mochedwa. Atalowa m'nyumba anapeza Marcia akumuyang'ana. Mayiyo anayesetsa kuti alankhule, pakamwa panangotuluka malovu. Hudson anagwada n'kumupukuta, misozi ili chuchuchu.

Phunziro: Kunenepa si umboni wa chikondi, ndipo aliyense wochepa thupi sikuti akudwala. Mnzanu akayamba kudya masamba ndi kulimbitsa thupi, mulimbikitseni, kapena mungotseka pakamwa panupo. Mankhwala a m'chikwama cha munthu wosamudziwa ndi manda, ndipo a kuchipatala musasiye musanafunse adokotala. Okusekani lero sadzabwera kudzakutembenuzani pamphasa. Tumizani nkhaniyi ku magulu anu onse, makamaka la banja, kuti amalume ndi azakhali nawonso awerenge.