Wolira Wochokera ku Moscow

Vsevolod Arkadyevich, mkulu wa anthu ojambula filimu, anandichotsa pa ntchito yolira pamaso pa mudzi wonse. Akuti ine, Praskovya Ilyinichna, sindidziwa kulira.

Anabwera ndi malole awo kudzajambula za nthawi ya mafumu, pamene anyamata ankatengedwa ku usilikali n'kubwerako imvi zili mbuu, kapena osabwerako. Anafuna manda akumudzi. Anazula zikwangwani zonse zokhala ndi zithunzi za akufa, n'kuziunjika kuseri kwa tchalitchi, ati kalelo kunalibe zithunzi. M'malo mwake anazika mitanda yamatabwa yopakidwa mwaye. Wapampando wa mudzi anavomera. Ife sanatifunse.

Anasankha mtumbira umodzi wa dothi losauma, ati ukuoneka bwino pa kamera, ndipo anafuna mayi woti alire msilikali wa mfumu pamenepo. Ndinathamangira kutsogolo, mpaka kumugunda mnzanga Zinaida ndi chigongono.

"Taonani nkhalamba yafuna kutchuka!" anatero Zinaida, koma atandiyang'ana kumaso anatseka pakamwa.

Anandiveka nsanza ndi nsapato zamakungwa. Ndinagwada. Ndinatulutsa kagalasi ka mowa wa vodika, n'kuvundikira ndi buledi wakuda, n'kuika pa dothi, monga timachitira kwa akufa athu.

"Imani! Agogo, chimenecho n'chiyani? Chotsani. Lirani!" anakuwa Vsevolod Arkadyevich.

Ndinasalaza dothi ndi dzanja. Ndinafunsa chapansipansi, "Kodi kukuzizira kumeneko?"

"Imani! Mukunong'oneza mbatata kodi? Ndikufuna mfuu! Ndikufuna chisoni cha Russia yense! Agogo inu, munaikapo munthu m'manda chibadwire?"

Anyamata a magetsi anaseka. Anthu akumudzi anangoyang'ana pansi. Ine msozi osatuluka.

M'mawa mwake anabweretsa mtsikana wa ku Moscow, wonunkhira ngati sitolo. Anamudontheza mankhwala m'maso. Mtsikanayo anadzigwetsa pa mtumbira, kugubuduka, kukanda dothi ndi zikhadabo, kupsompsona mtanda, uku akukuwa, "Mwamuna wanga! Wandisiyira yani?" Anabwereza mpaka dzuwa kupendeka. Mtumbira unaphwatalala. Vsevolod Arkadyevich anapukuta maso, nati, "Mwaona, agogo? Umu ndi mmene amalirira mkazi wamasiye."

Filimuyo akuti mudzaionera chaka chamawa. Mudzalira, ndikudziwa.

Pansi pa dothi limenelo pali mwamuna wanga Yefim. Tinamuika kutatsala sabata kuti malole aja afike, ndipo ndinathamangira kutsogolo kuti pasaponde phazi la mlendo. Tsono ndiyankheni, inu okonda mafilimu: mkazi uja ankagubuduka pa mwamuna wa yani?