Mwayi wa Timu Uli Kuchimbudzi

"Bwererani kuchimbudzi, mayi, chonde!" anakuwa a Fello, bambo wadazi wa mpando wakumbuyo.

Yudelka anafumbata khanda lake. Anali atangochokera kuchimbudzi kosintha thewera, ndipo ali komweko timu yawo ya besibo, masewera omenya mpira ndi chibonga, yomwe inkagonja chiyambire, inamenya mpira wodumpha mpanda n'kupeza chigoli.

"Mapeso onse ndalipira pakhomo aja, mipando yake yothyokayi, ndikaonere kuchimbudzi?" anatero. "Ndabwera kudzaona mchimwene wanga Wilkin, lero akumenya koyamba!"

"Ndiye mukufuna aphonye? Timu yathu ndi mbuzi, mayi, imadalira mwayi basi!"

Ng'oma zinalira, mbali yonse ikuimba, "Kuchimbudzi! Kuchimbudzi!" Yudelka anaona Wilkin akutola chibonga, akupukuta manja kawirikawiri ngati mmene ankachitira ali mwana akachita mantha. Ananyamuka ndi liwiro kubwerera kuchimbudzi.

Ali mkatimo, atatseka makutu a khanda, khoma linanjenjemera ndi chimkokomo: "Wilkin! Wilkin!" Analumpha yekhayekha, akuseka mpaka misozi.

Potuluka anapeza a Fello akuvina pakhomo.

"Mawa tikiti tikugulirani ife, ya mpando wapamwamba zedi! Kungoti musadzakhalepo."