Banjo ya Noah pa Wailesi

"Kwezani wailesiyo, a Hamza, nthawi yakwana!" anakuwa Noah, woimba banjo wa ku Chifunga. Anthu anali atadzaza pakhonde la golosale ya a Hamza. Noah anawaitana yekha, pakuti muulutsi wa wailesi yatsopano ya ku Blantyre anamulonjeza kuti kaseti yake imveka Loweruka limenelo m'pulogalamu ya oimba akumudzi.

Koma m'wailesimo munangotuluka Chingerezi cha m'mphuno, kenako nyimbo zakunja.

"Pulogalamu ija aithetsatu," anatero Easter, namwino wa pachipatala. "Akuti kuyambira lero aziika zokhazo zimene otsatsa malonda akufuna."

Noah anapsa mtima. "Ndinapalasa njinga mpaka ku Blantyre kukapereka kaseti ija! Pamene ankayamba ankachita kutipempha nyimbo. Lero tayamba kununkha eti? Ufulu tinavotera uja ndi umenewu? Zimitsani!"

A Hamza asanaigwire wailesiyo, banjo ya Noah inalira m'wailesimo. Amayi analulutira. Koma pamene pankayenera kulowa mawu ake, panalowa mayi wina akutamanda sopo wochapira.

"Sopo ameneyo ndili naye," anatero a Hamza chapansipansi.