Khoma Loimba Kwaya

"Mlamu, tagwirani khomali! Kusalala ngati tsaya la khanda!"

Mayi mwininyumba ankalowa chipinda ichi n'kutulukira icho, akukoka mlamu wawo padzanja, nthungululu ili pakamwa. Patatha miyezi isanu ndi itatu ya "mawa, mawa", kontilakita anali atamaliza nyumba yawo.

"Ndimuimbire ndimuthokoze, ngakhale munthu wake sayankha foni," anatero mayiwo.

Atangoimba, khoma la kukhitchini linayamba nyimbo ya kwaya. Mlamu analumpha mpaka nsapato imodzi kuvuka. Mayi anagunditsa khutu papulasitala, kenako anaseka mpaka kukhala pansi. Anaimbanso kachiwiri, kachitatu, awiriwo akuvina ndi kuthira mang'ombe.

Gule ali mkati, kontilakita analowa thukuta lili kamukamu, hamala ndi tchizulo zili m'manja.

"Mayi, pepani. Ndikamagwira ntchito ndimasunga kafoni kanga m'bowo la buloko. Tsiku lomanga khoma ili, sabata yathayi, ndinayala mzere wina pamwamba pake, osakumbukira. Ndingoboola pang'ono, ndidzatseka mawa."

"Mawa?"

Mayi anaima kutsogolo kwa khoma lawo, manja atatambasula ngati nkhuku yoteteza anapiye, misozi ya kuseka ikadali m'masaya.

"Bambo, miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikuimbira foni imeneyi, osayankhidwa ngakhale kamodzi. Isiyeni momwemo. Palibe chasintha, kungoti pano ikumativinitsako."