Mkulu Wogwedeza Mutu

Wometa tsitsi wina analowa m'chipinda cha mayeso atanyamula mapensulo awiri, poopa kuti ina ingathyoke. Anapeza anthu atakhala kale m'mizere, onse ali chete ngati akudikira wozula mano. Kutsogolo, patebulo lalikulu loyang'anizana nawo, panali mkulu wina wa imvi. Jekete lakuda, manja atasanjika, maso akuyenda pa munthu aliyense.

Munthu wokhala chete choncho muzimuopa, ana inu.

Gulu limene wometayo ankafuna kulowa ndi la anthu anzeru zopyola muyeso. Kumeneko kulibe chibale, kulibe kupempha. Amakuyeza ubongo ndi mapepala a timabokosi ndi timizere, kamodzi kokha pa moyo wako. Ukagwa, wagweratu. Mlamu wake anali kale m'gulumo, ndipo kapini ka chizindikiro cha gululo ankakavala pachifuwa ngakhale popita kukataya zinyalala. Akabwera kudzameta ankati, "Alamu, inu mitu mumangoidziwira kunja." Anthu odikira kumetedwa ankaseka mpaka kugwetsa benchi.

Ndiye wometayo analumbira pamaso pa mkazi wake ndi ana kuti akabwerako ndi kapini kake. Akalephera, mlamuyo adzamumete mpala pakhonde, anthu akuona. Kulumbira n'koipa, makamaka ukakhala ndi tsitsi loti umalipesa katatu usanadye. Mlamuyo anavomera msangamsanga, n'kumupatsa langizo limodzi lokha: kumeneko chilichonse ndi mayeso, ngakhale kakhalidwe ka pampando.

Anakhala pansi mosamala, msana uli njo. Mapepala sanabwere.

Mphunzitsi wa masamu amene anali pambali pake anamunong'oneza kuti kusabwera kwa mapepalako ndiwo mayesowo. Mawuwo anayenda mzere ndi mzere ngati chimfine. Aliyense anayamba kuunguza funso lobisika.

Wotchi ya pakhoma inali yakufa. Mphunzitsiyo anaimirira, anayeza chithunzithunzi cha zenera ndi nsapato yake, n'kulengeza nthawi mokweza. Mkulu uja anagwedeza mutu. Mayi wina wogulitsa mankhwala, poona kuti mnzake wakhoza kale, anaimiritsa anthu onse n'kusanja mipando kuyambira waufupi mpaka wautali. Mkulu uja anagwedeza mutu. Wina anayenda chafutambuyo kuzungulira chipinda chonse, osafotokoza chifukwa. Nayenso anagwedezeredwa mutu.

Wometayo thukuta linayamba kutsikira m'kolala. Mitu ankaidziwa, ndiyo ntchito yake, ndipo mutu wovomereza sankausokoneza ndi wina uliwonse. Onsewa ankakhoza iye akuyang'ana. M'makutu mwake ankamva kale makina a mlamu wake akulira.

Kenako chitseko chinagogodwa, chakumunsi, ndi phazi.

Chinali chitseko chodzikhoma chokha chikatsekeka, chokhala ndi kagalasi pamwamba, ndipo womaliza kulowa anali atachitseka. Pakagalasipo panaoneka nkhope ya bambo wina woonda, ali wefuwefu, atakumbatira katoni yaikulu. Mphunzitsi ananyamuka kuti akatsegule. Wometayo anamugwira malaya.

"Aphunzitsi, khalani pansi. Msampha uwu."

Anafotokoza modekha, nkhope atalozetsa kutebulo lakutsogolo, kuti munthu wanzeru satsegulira katoni imene sakudziwa za m'kati mwake. Apo pokha ndiye ananena zoona, katoni zapha anthu. Anakoka benchi n'kuichirikiza kuchitseko. Bambo woondayo anayamba kukuwa zinazake. Wometayo analamula kuti onse atseke makutu ndi zala, pakuti mawu a woyesa amalowa ngati madzi. Onse anatseka. Bamboyo anazungulira kuzenera, n'kumakweza katoni ija m'mwamba, akuiloza ndi chibwano. Mayi wa mankhwala anakoka katani.

Kugogodako kunapitirira, kunachepa, kenako kunatha. Mkulu uja anatulutsa kansalu, anapukuta pamphumi, ndipo mutu wake unagwedezeka kuposa kale lonse.

Anthu anayamba kumugwira chanza wometayo mwakachetechete. Mphunzitsi, nsanje ili m'maso, anavomereza kuti funso lalikulu linali limenelo. Wometayo anasisita pachifuwa, pamalo pamene kapini kadzakhale. Anaganiza zoti akafika kunyumba akamuitana mlamu wake, amukhazike pampando, amumete pang'onopang'ono osanena kanthu.

Dzuwa linasuntha. Mimba inayamba kudandaula. Palibe amene anapempha kupita kuchimbudzi, poopa kuti nachonso n'chowerengedwa. Wina anakomoka mwaulemu, ali chikhalire. Musamapite kumalo kumene anthu amaopa kutsokomola, ine ndanena.

Pomaliza wometayo anaona kuti mtsogoleri ndiye ayenera kutseka msonkhano. Anakonza tsitsi lake ndi zikhatho, anapita kutsogolo, anawerama pang'ono.

"Bwana, ife tikuona ngati tamaliza. Mutiuze mmene tachitira."

Mkuluyo anaimirira movutikira, atagwirira tebulo. Pafupi chonchi wometayo anaona kuti mutuwo sukusiya kugwedezeka, ngakhale panalibenso choti uvomereze.

"Inetu ndimati ndifunse inu, mabwana," anatero. "Ndinafika woyamba, ndiye bambo woyesa uja anati ndikhale paliponse, akatenge mapepala. Mutamutsekera kunja ndi katoni yake m'pamene ndinadziwa kuti akuluakulu enieni ndinu. Kodi ndakhoza?"

Wometayo dzanja linapita lokha kutsitsi.